Thaulo la a Nyundo

Ku jimu ya a Nyundo thaulo linali lopukutira thukuta basi. Mwana aliyense wobwera kudzaphunzira nkhonya ankauzidwa zimenezi tsiku loyamba, asanavale n'komwe magolovesi. Pa masewera a nkhonya, munthu wako akathedwa m'zingwe muja, iwe mphunzitsi amene waima pakona umaponya thaulo pakati pa bwalo, refa n'kuimitsa nkhonya, munthu wako n'kugonja koma n'kupita kwawo ndi miyendo yake. Kulikonse amatero. Kwa a Nyundo kokha ndiye ayi. Chiyambire jimuyo, thaulo lochokera pakona pawo linali lisanagwepo pansi, ndipo anthu a m'tauni ankanyadira nkhaniyi ngati kuti thaulolo ankachapa ndi iwo.

Lamuloli linali ndi kochokera. Nkhonya zinabwera m'tauniyi ndi eni fakitale ya zitsulo. Ataona kuti antchito awo akumenyana m'mabala Loweruka lililonse n'kujomba Lolemba, anati kuli bwino azimenyana pamaso pathu. Anakunga zingwe m'holo yodyera, n'kugula magolovesi, bwana aliyense n'kudzisankhira wantchito wadzitho ngati mmene munthu amasankhira tambala pamsika. Bambo owabereka a Nyundo, amene anthu ankawatchula kuti a Chipilala, ankanyamula zitsulo m'fakitalemo, ndipo pa nkhonya analibe mnzawo. Loweruka lina anagwetsedwa n'kudzuka, magazi ali chuchuchu m'mphuno koma mutu ukugwira bwinobwino, n'kungoona thaulo la bwana wawo lagwa kale pakati. Atafunsa chifukwa, bwanayo anawasisita paphewa n'kunena kuti Lolemba kukubwera katundu wambiri, fakitale singawononge msana wabwino chifukwa cha masewera. A Chipilala sanabwererenso kuntchitoko. Anapeza galaja yakale kuseri kwa depoti ya mabasi, anapachika thumba la mchenga pamtanda wa denga, n'kunena mawu amene anasanduka lamulo: "Muno munthu azidziwa yekha kuti watha. Wina asamuuze."

Fakitale ija inatsekedwa kalekale, ndipo m'holo yodyera muja tsopano amasungiramo matayala. Nkhonya zinachoka m'manja mwa mabwana n'kulowa m'wailesi, kenako pa tivi, mpaka atsikana amene kale ankathamangitsidwa akasuzumira pakhomo anayamba kuvala magolovesi. Jimu yokha ndiyo inatsala momwemo, ndi fungo lake la thukuta ndi mafuta a galimoto amene anakana kuchoka pasimenti. Pakhoma panali zithunzi zosuluka za akatswiri onse amene anadutsa m'menemo. Ena mwa iwo tsopano ankalondera masitolo, ena ankakankha ngolo za katundu padepoti, ambiri anali kumanda. Onse anali ndi mphuno zophwatalala, ndipo panalibe amene anaponyeredwapo thaulo.

A Nyundo anakulira momwemo. Anamenya nkhonya mpaka mawondo atayamba kudandaula, kenako anatenga malo a bambo awo pakona. Anabereka ana awiri. Wamwamuna anzake anamupatsa dzina loti Msomali, poti nanga nyundo ingabale chiyani, ndipo anthu ankaseka nalo dzinali osaganiza kuti msomali ntchito yake n'kumenyedwa pamutu. Wamkazi, amene anali wamng'ono, ankatchedwa Mavu chifukwa cha kuonda m'chiuno ndi kuluma kwake.

Msomali anali katswiri, tisanamizane. Pa nkhonya yake yomaliza ankalimbirana lamba wa ukatswiri ndi munthu wa mafupa akuluakulu, woleza mtima, wa mtundu uja amati mwamuna mnzako m'pachulu. Chakumapeto kwa nkhonyayo Msomali analandira chibakera pafupi ndi khutu. Sanagwe. Koma a Nyundo anaona phazi lake lakumanja likukwekwereza pansi pobwerera pakona, ndipo atamumwetsa madzi, madziwo anatulukira m'mbali mwa kamwa. A Dazi, mnzawo wa pakona amene ntchito yake inali kutseka mabala ndi kunyamula ndowa, anawanong'oneza kuti, "Akulu, mwanayu sali bwino." Thaulo linali paphewa. A Nyundo anafunsa mwana wawo ngati watha, monga mwa lamulo la nyumbayo. Msomali anapukusa mutu. Belu linalira, iye n'kubwerera pakati, ndipo anatuluka m'holomo ali pamachira.

Anakhalitsa m'chipatala. Anabwerako ali pa chikuku, dzanja limodzi litapindikira pachifuwa, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati madontho a pampopi wotseka. Adokotala anati za tsiku lija mwina sakumbukira chilichonse, ndipo m'nyumbamo palibe amene anayesa kumufunsa.

Anthu ankati a Nyundo akulira chamumtima, n'kumawapatsa moni motsitsa mawu. Zoona zake n'zakuti iwo sankamva kanthu. Chisoni sankachimva, manyazi sankawamva, ngakhale mkwiyo umene kale sunkachedwa kuwafikira unawathawa. Anachita dzanzi munthu yense, ngati mwendo woukhalira nthawi yaitali. M'mawa ankadzuka, kunyamula Msomali kupita naye kubafa, kumusambitsa, kumumeta ndevu mosamala, kumuveka, n'kumukhazika pa chikuku patsogolo pa tivi. Kumudyetsa inali ntchito ya mayi ake. Akatero a Nyundo ankapita kujimu, kutsekula loko, kukhala pabenchi n'kumayang'ana anyamata akudumpha chingwe. Ntchito zonse ankazigwira bwino, mwinanso kuposa kale, chifukwa munthu wosamva kanthu saiwala sopo. Chimodzi chokha ndicho anasiya. Pakona sanakwerenso. Anyamata akakhala ndi nkhonya ankapita ndi a Dazi, ndipo a Dazi, poopa chithunzi cha a Chipilala chimene chinkawayang'ana tsiku lililonse, nawonso thaulo ankangopukutira thukuta.

Mavu sanasiye nkhonya. Mayi ake analira, anakalipa, anamubisira nsapato, anamupezera malo kusukulu ya zosoka, koma mwana wobadwira m'fungo la magolovesi sungamuletse ndi misozi. Anamenya m'maholo ang'onoang'ono, anthu akubwera kudzaseka akazi akumenyana n'kubwerera kukamwa kuli yasa. Anapambana, anapambananso, mpaka okonza masewera anasowa chonamizira n'kumupatsa mwayi wolimbirana lamba ndi katswiri wa akazi, mtsikana wamtali amene ankatchedwa Sitima.

Madzulo ena anyamata atabalalika, Mavu anakhala pabenchi pafupi ndi bambo ake akumasula bandeji m'manja.

"Kochi," anatero. M'jimu sankawatchula kuti bambo. "Loweruka la lamba ndikufuna mudzakhale pakona panga."

"A Dazi alipo."

"A Dazi amadziwa mabala. Sitima uja amatsitsa dzanja lamanzere akafuna kuponya lamanja. A Dazi aonera nkhonya zake zonse koma sanazione zimenezo. Inu munaziona mukungodutsa pa tivi ndi beseni m'manja, ndinakuonani mukuima."

A Nyundo anayang'ana thumba la mchenga limene linali kugwedezekabe pang'ono. Zinali zoona, anaziona. Maso okha ndi amene anakana kuchita dzanzi.

"Ndikufuna maso anuwo," Mavu anapitiriza. "Koma tigwirizane lerolero. Ine si achimwene. Mukadzandifunsa ngati ndatha ndidzakuuzani zoona. Ndikapanda kunena, thaulo lidzakhale paphewa, ngati mmene zakhalira muno chiyambire. Agogo sanasiye ntchito kuti mdzukulu wawo wamkazi adzakhale woyamba kuponyeredwa nsanza. Mukudziwa zimene anthu adzanene? Adzati mwaona, talowetsa akazi, mathaulo ayamba kuuluka. Ndipo atsikana onse amene akudumpha chingwe muno adzawabweza pakhomo chifukwa cha ine."

"Ndamva."

"Mwamva kapena mwavomera?"

"Ndavomera," anatero a Nyundo, ndipo mawuwo anatuluka mopepuka ngati akuvomera kugula buledi pobwerera kunyumba.

Kuyambira pamenepo anamukonzekeretsa okha. Ankamugwirira mapadi oti azimenyapo zibakera, kumuthamangitsa m'mawa mozungulira depoti madalaivala akuimba mahutala, kumuyeza pasikelo, kumuletsa shuga m'tiyi. Anapeza mnyamata wamtali n'kumuuza kuti azitsitsa dzanja lamanzere asanaponye lamanja, Mavu n'kumamulowa m'nthiti mpaka mnyamatayo anayamba kunamizira chimfine. A Dazi anasangalala, anauza aliyense kuti mkulu uja wabwerera. A Nyundo ankamva zimenezi n'kumadzifufuza m'kati kuti aone ngati chabwereradi chilipo, koma sankapezamo kanthu.

Akazi awo anamva nkhaniyi kwa Mavu yemweyo. Sanakalipe. Anali atasiya kalekale kukalipira amuna awo, poti kukalipira khoma n'kudzipweteka pakhosi. M'mawa wa Loweruka lija, a Nyundo atamaliza kumeta Msomali, anawapeza kukhitchini akusita thaulo loyera, latsopano. Thaulo sasita, koma iwo analisita mbali zonse ziwiri, analipinda, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Ndasankha lopepuka," anatero, "kuti lisakuthyoleni mkono."

A Nyundo analandira.

"Bambo, m'nyumba muno ndili ndi supuni imodzi yodyetsera munthu wamkulu. Yachiwiri sindigula. Mwana wanga wamkaziyo mubwere naye akuyenda yekha, akudziwa kuti ine ndine mayi ake. Lamba ngati mukumufuna kwambiri ndikakugulirani kumsika."

"Iye wati ndisaponye."

"Winayonso anatero," anayankha mayiwo motsitsa mawu, akuyang'ana kuchipinda chochezera kumene tivi inali kulira. Anazimitsa simbi n'kuyamba kutsuka makapu.

A Nyundo anatuluka atasenza mawu a anthu awiri, ndipo onse awiri ankanena zoona. M'basi anayesa kudzifunsa kuti zikavuta achita chiyani, koma m'mutu munali zii. Anangowerenga zikwangwani za masitolo mpaka kufika.

Nkhonya zinali masana, m'holo yaikulu ya mzinda. Anthu anadzaza mpaka m'makonde, ogulitsa zakumwa akudutsa movutikira, anyamata a malipenga apulasitiki akugonthetsa anzawo m'kutu. Pamzere wakutsogolo anakhazikapo nkhalamba za mphuno zophwatalala zija, zimene okonza masewera ankazikumbukira pakakhala nkhonya ya lamba: kuzitchula maina, kuziombera m'manja, kuzipatsa botolo la chakumwa, n'kuziiwala mpaka ulendo wina. Wolengeza anafotokoza mbiri yonse mokweza, kuyambira ku fakitale ya zitsulo mpaka ku galaja ya a Chipilala, ngati kuti analipo.

M'kachipinda kovalira, a Nyundo anamanga Mavu bandeji m'manja, kuzungulira pamkono, kudutsa pakati pa zala, kusanjikiza pamfundo. Anamuuza kuti afumbate, n'kufunsa ngati yathina. Anazindikira kuti zala zake n'zofanana ndi za mayi ake, zazifupi, zikhadabo zathyathyathya, ndipo anazindikira zimenezi monga mmene munthu amazindikirira kuti khoma lapakidwa penti yatsopano. Anakoleka thaulo paphewa n'kutuluka.

"Wochokera kunyumba imene sinaponyepo thaulo!" anakuwa wolengeza, holo yonse n'kuimirira. Dzina la Msomali silinatchulidwe.

Sitima ankabwera molunjika monga mwa dzina lake, ndipo akanakupeza panjanji ukanadziwanso. Koma Mavu sankapezeka. Ankaluma n'kuchoka, kulumanso n'kuchoka, mnzakeyo n'kumamenya mphepo. Belu likalira ankabwera pakona, a Dazi n'kumupaka mafuta pazikope, a Nyundo n'kumupukuta kumaso akuyankhula pafupi ndi khutu.

"Akatsitsa lamanzere lowa, ziwiri m'nthiti, tulukira kumanzere kwake. Usaime kuti uone ntchito yako. Watha?"

"Ndangoyamba kumene, kochi."

Pofika pakati pa nkhonyayo diso la Sitima linali litatupa, akupumira pakamwa, manja akulemera. Anthu ankaimba dzina la Mavu akuponda pansi, ngakhale aja anabwera kudzaseka. Nkhalamba ina ya pamzere wakutsogolo inaimirira n'kumaponya zibakera m'malere, chakumwa chikutayikira pajekete.

"Akulu, lamba uyu tanyamula," anatero a Dazi mano onse ali pamtunda. "Kwatsala kungomuyeza m'chiuno."

Raundi yotsatira, chapafupi ndi kona ya Sitima, chibakera chamanja chija chinamupeza Mavu pafupi ndi khutu. Sichinali chachikulu, anali atalandirapo zoposa apo. Koma pobwerera m'mbuyo phazi lake lakumanja linakwekwereza pansi, bondo n'kupindika pang'ono.

A Nyundo sanaganize. Sanachite mantha, sanakumbukire nkhope ya akazi awo, sanapemphere. Anangoona thaulo lili m'mwamba, litatambasuka, mizere ya simbi ikuonekabe, n'kudabwa kuti waponya ndani. Linagwera kumapazi kwa refa.

Refa anayang'ana thaulolo, n'kuyang'ana pakona, n'kuyang'ana Mavu amene anali ataima kale bwinobwino, manja ali m'mwamba, maso ali gwa, akukonzeka kulowanso. Refayo anali munthu wakale m'masewerawa, lamulo la nyumba ija ankalidziwa, ndipo anazengereza ngati akudikira kuti wina anene kuti lagwa ndi mphepo. Koma refa yemweyu analiponso tsiku la Msomali. Analowa pakati pa atsikana awiriwo n'kutambasula manja.

Holo yonse inati zii. Kenako linabuka phokoso la mtundu wina, mabotolo apulasitiki n'kuyamba kugwa m'zingwe.

"Wagulitsa! Mdalayu wagulitsa mwana wake!"

Nkhalamba yoponya zibakera ija inakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuvala chipewa. Sitima anakwezedwa dzanja akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wapatsidwa katundu wa eni. Dokotala anakwera, anaunika Mavu m'maso ndi katochi, anamufunsa kuti ali kuti ndiponso lero ndi lachingati. Mavu anayankha zonse, n'kuwonjezera kuti chingwe cha nsapato ya adokotalawo chamasuka. A Dazi anapita kukayang'ana pamalo paja n'kubwerera nkhope itagwa.

"Anaterereka, akulu," ananong'ona. "Pali madzi a m'ndowa ya anzathuwa. Mzere wa nsapato ukuoneka."

Mmodzi mwa oweruza, podutsa, anauza a Dazi kuti onse atatu anali atapatsa Mavu pafupifupi raundi iliyonse. Ananena mokweza ndithu kuti a Nyundo amve, ndipo anamva.

M'kachipinda kovalira Mavu anakhala patebulo, magolovesi atavula kale. Pa nkhonya, amene wamanga bandeji ndi amene amadula. A Nyundo anatenga sizasi m'chikwama n'kuyandikira. Mavu anatembenuka n'kutambasulira manja kwa a Dazi. A Dazi analandira sizasiyo osayang'ana mnzawo kumaso, n'kuyamba kudula mosamala ngati akuopa kudzutsa munthu.

"Munandifunsa?" anatero Mavu. Sanakweze mawu.

"Ayi."

"Ndinati ndatha?"

"Ayi."

"Nanga munaona chiyani?"

"Phazi."

"Phazi la ndani, bambo?"

Aka kanali koyamba kuwatchula kuti bambo pantchito. Panja phokoso linali kuchepa, wina akukoka mipando.

"Achimwene munawafunsa mutu utasokonezeka kale, n'kuwamvera," anatero Mavu akulonga zinthu m'chikwama. "Ine mutu uli bwinobwino, simunandifunse. Mwayi ngati uwu akazi satipatsa kawiri, inu mukudziwa." Anavala jekete, n'kutulutsa makiyi m'thumba. "Makiyi a jimu ndi awa, ndasiya m'ndowamu. Amayi mukawauze kuti ndili bwino, ndikakhala kwa anzanga. Zovala zanga ndidzatuma munthu."

Anatuluka akuyenda mowongoka, phazi lililonse likunyamuka bwinobwino. A Dazi anayang'ana chitseko, anayang'ana a Nyundo, n'kunena kuti amuperekeze mwanayo chifukwa panja anthu achuluka. A Nyundo anatsala okha ndi zidutswa za bandeji pansi. Anadikira kuti mwina tsopano chiwapweteka. Mwana wawo anali atawachokera, dzina la bambo awo anali ataligwetsa pamaso pa mzinda wonse, ndipo iwo ankangomva kuti nsapato yakumanzere ikuwathina. Mayi wosesa analowa ndi thaulo lija, chidindo cha nsapato chili pakati.

"Bwana, lanu ili."

Anathokoza, analipinda n'kuliika m'chikwama.

M'basi anthu anawazindikira. Bambo wina kumbuyo anayamba kufotokozera mnzake mokweza kuti nkhonya zinatha kalekale, masiku ano zangotsala zisudzo, a Chipilala akanakhala moyo bwenzi atakomoka. Mnzakeyo anati nanga mwana wako atakhala iyeyo, woyambayo n'kuyankha kuti mwana wake sangalowe zopusazo. Anakangana mpaka pa siteji, osafunsa mwini nkhani amene anakhala patsogolo pawo chikwama chili pamiyendo.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Akazi awo anali pakhomo, ndipo zinaoneka kuti aima pamenepo nthawi yaitali. Anayang'ana kumbuyo kwa amuna awo, mumsewu monse.

"Ali kuti?"

"Kwa anzake. Wati muno sabweranso."

"Akuyenda yekha?"

"Akuyenda yekha."

"Basi," anatero mayiwo. Anatsinzina, anagwedeza mutu, n'kulowa kukhitchini. A Nyundo anamva mpopi ukutsekulidwa mwamphamvu, ndipo pansi pa phokoso la madziwo anamva akazi awo akulira. Sanadziwe ngati kunali kulira kwa munthu amene wapeza mwana kapena amene wataya mwana, ndipo sanapite kukafunsa.

Kuchipinda chochezera tivi inali kuonetsabe za nkhonya. Ankabwereza thaulo lija likuuluka pang'onopang'ono, kulibweza m'mbuyo, n'kuliulutsanso. Amuna awiri ovala mataye ankatsutsana, wina akuti lero mbiri ya tauniyi yathera pomwepa, wina akuti mbiri imeneyo inayenera kutha kale. Msomali anali pa chikuku chake pomwe anamusiya m'mawa, kansalu kodyera kali pachifuwa, maso ali pa tivi. A Nyundo anaizimitsa. Inali nthawi yoti akamugoneke pang'ono msana upume.

Anagwada n'kuyamba kumuvula nsapato. Ali chiweramire anamva dzanja labwino lija likuwagwira paphewa.

"Ba... mbo."

Anadikira. Anali ataphunzira kuti mawu a Msomali sawamalizira, ukamumalizira amakwiya n'kusiya.

"Tha... ulo."

"Eya, mwanangu. Ndaponya. Mlongo wako wagonja chifukwa cha ine."

Msomali anapukusa mutu pang'onopang'ono. Sizimene ankafuna kunena. Nsagwada zinagwedezeka, mtsempha wa pakhosi unatupa, malovu anatsikira pakansalu. Anapuma, n'kuyambiranso.

"Ka... ni," anatero, n'kumeza. "Li... ma... ponyeka."

A Nyundo anakweza mutu. M'maso mwa mwana wawo munalibe mkwiyo, munalibe chidzudzulo. Munali kudabwa kokha, kwa munthu amene wangomva lero chinthu chimene anthu ena onse ankachidziwa. Ndipo anali kudikira yankho, chifukwa kuyambira ali wamng'ono nkhani za nkhonya ankafunsa bambo ake.

Apa m'pamene a Nyundo anamva kuwawa. Kunabwera konse nthawi imodzi, m'chifuwa, pakhosi, m'mimba, moti anagwira gudumu la chikuku kuti asagwe.

"Limaponyeka, mwanangu," anatero. "Limaponyeka."

Msomali anagwedeza mutu, monga ankachitira kale akauzidwa kuti akweze dzanja lamanzere. A Nyundo anaika nsapato pambali, analowetsa mkono umodzi kumsana kwake ndi wina pansi pa mawondo kuti amunyamule monga mwa masiku onse, koma manja anakana. Anayesanso, osatheka. Anaitana akazi awo kuti adzawathandize.